Belu limene linkalira ine kulibe

Mpaka lero ndikamva fungo la chambo cha pa ayezi, thupi lonse limachita tsemwe. Ana anga amaganiza kuti sindikonda nsomba chifukwa ndine wa ku Dedza. Ayi ndithu. Pali nkhani, ndipo poti ambiri amene anaiona ndi maso anatisiya, lero ndiulule.

Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene khadi la chipanicho unkayenda nalo ngati chiwalo cha thupi. Nditangomaliza maphunziro a zamagetsi, ndinapeza ntchito pa kampani ina yogula nsomba kufupi ndi Nkope. Ntchito yanga yaikulu inali kusamala chipinda chozizira mmene tinkasungamo chambo chisanapite ku tauni. Chipindachi chinali ndi makina oyang'anira kuzizira: kabokosi kotuwa kokhomedwa panja pa khoma, koonetsa manambala ofiira, ndi kachitsulo kotchedwa sensa, kamene kankamva kutentha m'katimo. Kukatentha kupitirira muyeso, belu linkalira ku ofesi ya manijala, kutsidya kwa bwalo. Amene anaika makinawa anali atabwerera kwawo kalekale, n'kutisiyira buku lolembedwa m'chinenero chimene ngakhale abusa sakanachimasulira. (Ine ndinkayenda nalo m'manja pabwalo kuti anthu aone kuti pabwera munthu wophunzira.)

Vuto langa linali dzuwa. Munthu wokulira m'mphepo ya ku Dedza, Okutobala wa ku Mangochi anandiphika osathira mchere. Msana wonse unatuluka timatuza toyabwa. Ndiye ndinapeza nzeru. Masana aliwonse Che Asani, bambo wachikulire amene ankasunga kiyi wa chipindacho, ankapita ku mzikiti kukaswali limodzi ndi amuna onyamula makreti, pabwalo n'kungoti zii. Ine ndinali ndi kiyi wina amene ndinamutola pansi pa bokosi la zipangizo, ndipo palibe ankadziwa. Ndinkalowa, kuvula ovolosi mpaka m'chiuno, kukhala pa kreti kumapeto kwa chipinda, n'kumakanda msana pa kachitsulo kena kotuluka m'khoma, kamene ndinkati ndi kopachikapo zinthu. Abale, kukoma kwake sindingakufotokoze. Mphindi makumi awiri zokha, munthu n'kutuluka uli watsopano.

Kenaka belu linayamba misala.

"Amisiri, mumakhala kuti?" anandifunsa a Mwale, manijala wathu. "Belu lalira masana atatu otsatizana. Tikakufunani simupezeka. Mukamafika, lasiya."

"Ndinali kuchimbudzi, bwana."

"Masiku atatu onse? Mupite kuchipatala."

Ndinayamba kufufuza mmene anatiphunzitsira kusukulu. Sensa imene ndinkaidziwa inali pafupi ndi fani, pamwamba pa chitseko. Ndinaimasula n'kuiviika m'kapu ya madzi a ayezi: manambala anatsika bwinobwino mpaka pa ziro. Ndinaiviika m'tiyi wotentha: manambala anakwera, belu n'kulira. Zonse zili m'malo mwake. Mawa lake masana ndinakadziziziritsa monga mwa nthawi zonse, ndipo potuluka ndinapeza a Mwale ataima pakhomo la ofesi, atagwira m'chiuno.

Ndiye ndinati ndi waya. Ndinakwera kudenga ndi mita yanga, kumene ndinapeza makoswe awiri ndi chisa cha mavu (kunena zoona, mavuwo ndi amene anandipeza ine), ndipo ndinasintha waya yense. Belu linalirabe. Ndinaitanitsa sensa yatsopano ku Blantyre, imene inatenga masabata awiri kuti ifike. Ndinaimanga ndi manja awiri, mwaulemu. Linalirabe. Tsiku lina ndinaganiza zolibisalira: ndinakhala mu ofesi masana onse, thukuta lili kamukamu, maso ali pa belu. Belu duu. A Mwale anati, "Likukuopani." Ine ndinaseka monyadira, osaganiza china chilichonse. (Inde, satifiketi ndinali nayo. Musandifunse zambiri.)

Apa m'pamene ndinachita choipa. A Mwale ankafuna lipoti lopita kulikulu, ndipo ine sindinafune kulemba kuti zandikanika. Ndinalemba kuti makina ali bwino, koma kutentha kukulowa chifukwa munthu wina akusiya chitseko chotsegula masana. Zoti ineyo ndinkalowamo sindinaziwerengere, poti ndinkalowa ngati mphaka, chitseko n'kubweza msanga, ndipo manambala a pakabokosi sankasuntha n'komwe. Koma munthu amene ankadziwika kuti ali ndi kiyi anali mmodzi yekha.

A Mwale analinso tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndipo masiku amenewo munthu wotero akakuloza chala, zako zinkakhala zitada. Anaitana Che Asani, ine ndili pomwepo.

"Asani, mukamati mukupita ku mzikiti, kiyi mumasiyira ndani?"

"Kiyi amakhala m'thumba muno, bwana. Ndimaswali naye."

"Amisiri alemba kuti chitseko chimatsegulidwa. Ndiye chambo chathu chikupita kuti?"

Che Asani anandiyang'ana, osati mokwiya, koma mmene umayang'anira mwana amene wavala malaya motembenuza. Kenaka anati, "Aone okha, bwana. Mulungu alipo." Manyazi ndinawamva ndithu, koma lipoti lija ndinalisiya momwemo.

Mawa lake dzuwa linaswa mtengo. Ndinadziuza kuti lero lokha, komaliza. Nditangokhala pa kreti yanga, ndisanayambe n'komwe kukanda, ndinamva mapazi. Ndinabisala kuseri kwa makreti. A Mwale anakankha chitseko, n'kusuzumira, n'kuuza kalaliki amene anali nawo:

"Waona? Chosakiya n'komwe. Lero nditseka ndi loko wanga. Belu likapanda kulira, ndiye kuti ndi Asani. Akangobwera ku mzikitiko, ayufi a chipani amuperekeze kupolisi."

Ndinamva chitseko chikutsekedwa, kenaka loko.

Kuzizira kwa mphindi makumi awiri ndi kwina, kwa ola lathunthu ndi kwinanso. Poyamba ndinakhala phee chifukwa cha mantha. Nditaganiza zomenya chitseko, ndinaona kuti palibe angamve: chinali chokhuthala ngati matiresi, ndipo onse anali ku ofesi kudikira belu. Mano anayamba kugundana. Chambo chinkangondiyang'ana ndi maso ake aja. Poyendayenda kuti magazi asaume, ndinafika pa kachitsulo kanga kokandira msana, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakayang'ana ngati mmisiri. Kunsi kwake kunali kawaya kopakidwa penti, kolowa m'khoma. Inali sensa yachiwiri. Mwezi wathunthu ndinkaitenthetsa ndi msana wanga, kwinaku ndikuzunza inzake yosalakwa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaganizira Che Asani poyamba. Lingakhale bodza. Ndinaganiza za ntchito yanga: belu likalira abwera, andipeza, basi ndathera pomwepo. Ndinaima ndithu n'kumadzifunsa ngati ndingapirire mpaka nthawi yotulutsa nsomba, kuti ndizembe anthu ali piringupiringu. Koma m'maganizo ndinaona bambo uja akutsika njira ya kupolisi, kofia ili kumutu, ayufi uku ndi uku, adzukulu ake akuonerera. Mtima unandipweteka kuposa zala. Ndinakweza mkono, kachitsulo kaja ndinakapana m'khwapa, n'kutsinzina.

Zimene zinachitika panja anandiuza kalaliki pambuyo pake. Belu linalira osalekeza. A Mwale anati, "Ndiye kuti ndi makina. Itanani amisiri." Anandifuna kuchimbudzi, kudenga, mpaka kumadzi. Pamenepo Che Asani anafika kuchokera ku mzikiti, anamvetsera pang'ono, n'kunena kuti, "Atsegule, bwana. Amisiri ali m'katimo."

Anandipeza ndili chilili, pamimba pali pamtunda, nditamatirira kukhoma, milomo ili mbuu. Antchito onse anali ataunjikana pakhomo. A Mwale anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mukutani?"

"Ndikuyesa sensa, bwana."

Amuna a makreti anafa nalo phwete, ena mpaka kukhala pansi. A Mwale sanaseke. Anandilanda kiyi, n'kundilamula kuti ndilembe lipoti lina, ndiliwerenge ndekha pamaso pa antchito onse, mawu ndi mawu. Ntchito inatsala pang'ono kutha. Inapulumuka chifukwa panalibe wina wodziwa makinawo (ngati kuti ineyo ndinkawadziwa).

Ndili padzuwa kuti ndisungunuke, Che Asani anabwera ndi kapu ya tiyi n'kukhala pambali panga. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji.

"Achimwene, ine ndimakolopa mmenemo tsiku lililonse. Kreti imodzi imanunkhira sopo. Chambo sichisamba."

"Nanga bwanji simunanene dzulo, pamene amakupanikizani paja?"

"Ine ana anga anakula, ena ali ndi mabwato awo. Inu mwangoyamba kumene, ndipo ndinamva kuti kumudzi mukusunga amayi. Ndinati mwina anena okha."

Ndinamwa tiyi uja, maso ali m'kapu.

Ndagwira ntchito ya magetsi zaka zambiri chichokereni pamenepo. Makina akavuta, ndimayamba ndafufuza kuti masensa alipo angati, kenaka ndimadzifunsa kuti ineyo ndinali kuti pamene zimavuta. Zimenezo ndinaphunzira. Chimene sindinaphunzire ndi kupepesa. Che Asani ndinagwira nawo ntchito zaka zinayi, m'mawa uliwonse kupatsana moni, ine ndikuti ndiwauza mawa, ndipo tsiku limene ndinasamutsidwa anandinyamulira sutikesi mpaka pa basi, ine n'kungoti, "Zikomo, tsalani bwino."