Nyali za Lole ndi Foda ya Alimi a ku Kadewere

Ine ndine munthu woyamba m'boma lonse la Chiradzulu kufufuta foda yathunthu pa kompyuta. Olemba mbiri ya dziko lino asadzaiwale zimenezi. Kungoti fodayo sinali yanga, komanso sinafufutike.

Munali mu 1992. Nditachoka kukoleji chaka chachiwiri (ine ndimati ndinapumira, mayeso amanena zina), ndinapeza ukalaliki pa kabungwe kogawa mbewu kwa alimi, pa Boma pomwepo. Bwana wathu anali a Namakhwa, bambo amene mano awo tinkangowamvera mbiri. Kompyuta ankaiyang'anira Abiti Saidi, mtsikana wophunzira, wa mpango woyera ndi mawu ochepa. Iwowa anaikamo pulogalamu ina imene tinkangoitchula kuti nkhokwe. Lamulo linali lakuti ukasintha fayilo uziika m'nkhokwemo, n'kulemba kamzere kofotokoza chimene wasintha.

"Mwamva, akoleji?" anandifunsa.

"Zimenezi tinaphunzira kalekale," ndinayankha. (Kukoleji kompyuta ndinangoionera pawindo.)

Vuto linayambira mumtima. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akatsikira kumsika, ine ndinkatsala n'kumalemba kalata yofunsira Abiti Saidi omwewo. Ndinaibisa mu foda ya mayina a alimi a ku Kadewere, poganiza kuti palibe angakafune chikondi pakati pa nandolo ndi chimanga. Ndipo poti ndine womvera malamulo, ndikaikonza ndinkaika m'nkhokwe, n'kulemba chifukwa chake moona mtima. Ndinkayesa timizereto timangothera m'mimba mwa makina.

Nditaikonza kasanu ndi kawiri, mantha anandigwira. Lachisanu masana ndinaifufuta. Kenako ndinati mwina yasiyamo fungo, ndiye ndinafufuta foda yonse, n'kulamula nkhokwe kuti nayonso ichotse. Pachifukwa ndinalemba mawu amodzi: "Kusesa." Mayina a alimiwo ndinkati ali kale papepala mudirowa. Munalibe.

Lolemba m'mawa, mvula yoyamba itagwa, lole inali panja itasenza mbewu, alimi akudikira ku Kadewere. Popanda mayina, thumba silikanatsika ngakhale limodzi.

"Foda ili kuti?" anafunsa a Namakhwa.

"Mwina magetsi, bwana," ndinatero ndi nkhope ya pamaliro.

"Magetsi amalemba kuti 'kusesa'?" anatero Abiti Saidi, maso ali pa kompyuta.

A Namakhwa ananditembenukira. "Mayina aja akapanda kupezeka, nanunso musese tebulo lanu muzipita kwanu."

"Musadandaule, bwana," anatero Abiti. "Nkhokwe siiwala. Kuchotsa n'kungoiuza kuti ileke kukuonetsani. Zakale zonse zilimo, tingobwerera pa Lachinayi."

Ndinapuma. Kenako ndinamvetsa tanthauzo la "zonse", mpweya uja n'kubwerera komwe unachokera.

Foda inatulukira, kalata yanga ili pamwamba penipeni, pansi pake mndandanda wa timizere tanga. A Namakhwa anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza, ngati chilengezo cha kutchalitchi.

"'Ndachotsa zoti maso anu ali ngati nyali za lole.' Mawa lake: 'Ndabwezeramo nyali za lole.'" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lole yathu yomweyi? Iyayi, mwana wanga, nyali imodzi ndi yakufa."

Dalaivala wa loleyo, amene anali ataima pakhomo, anakhala pansi ndi kuseka.

"'Ndawonjezera zoti nkhumba ndikhoza kusiya.' Mawa lake: 'Ndasintha, ndidzasiya pang'onopang'ono.'"

Tsiku limenelo mano a a Namakhwa tinawaona. Analipo onse.

Mayina anasindikizidwa, lole inanyamuka, ntchito yanga inapulumuka. Poweruka Abiti Saidi anandipatsa mapepala asanu ndi awiri atawapinda bwinobwino. Anali atasindikiza kalata ija, mtundu uliwonse patsamba pakepake.

"Yachitatu inali bwinoko," anatero. "Kwinaku munkangoiwononga."

"Ndiye yankho, Abiti?"

"Kusesa," anatero, n'kukonza mpango wawo, ulendo.

Phunziro lilipo ndithu: chimene sukufuna kuti chidzawerengedwe usachiike m'nkhokwe, chifukwa kufufuta sikuchotsa dzulo. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti ndikanangopereka yachitatu ija. A Namakhwa nawo anati pepala la ofesi si lofunsirira mbeta, tsamba lililonse teni tambala. Ndinalipira 70 tambala, ndipo lisiti anandipatsa.