Kuziziritsa Holo ya Ukwati wa Felesiya

LOLEMBA

Okutobala wafika ndi ukali wake wonse. Loweruka likudzali mwana wanga Felesiya akukwatiwa, ndipo madyerero ali mu holo ya tchalitchi chathu, kuno kufupi ndi pa Boma.

Masana ndapita kukaiona. Kungolowa, thukuta kamukamu! Malata akulira tha, tha, tha, ngati wina akukazinga chimanga pamwamba. Mawindo anayi, awiri satseguka. Siling'i mulibe. Mwezi watha mkwatibwi wina anakomokera momwemu keke asanadule, anachita kumukupiza ndi makatoni. Felesiya wanga, chiyambire ali wakhanda, kukangotentha amatuluka kamfuno. Ndaima pakati pa holo, m'maso mwanga ndikuona diresi loyera, kadontho kofiira kakutsetsereka pachifuwa. Ayi. Osati mwana wanga.

Zozizira ine ndimazidziwa. Zaka zonse zija ndinali mesenjala ku Blantyre. Ukatsegula chitseko cha abwana, kamphepo kankakulandira ngati wafika kumtsinje m'mamawa. Ndinkaiwala dala fayilo imodzi kuti ndibwererekonso. Mkulu wina wokonza makina oziziritsawo anandiuzapo tikumwa tiyi kuti makina ndi omalizira. Poyamba uletse kutentha kulowa. Kenako upatse njira mpweya wotentha, poti umakonda kukwera. Ukayamba ndi makina, amangodya magetsi pachabe.

Ndiye ndalemba:

1. Laimu padenga, dzuwa lizibwerera kwawo.
2. Mabowo pamwamba pa khoma, mpweya wotentha uzitulukira.
3. Mphasa kunsi kwa malata, m'malo mwa siling'i.
4. Masaka onyowa m'mawindo.

Magetsi osakhudza ndi pang'ono pomwe!

Abusa alola, koma andiyang'ana nthawi yaitali. Amake Felesiya ayankha osatembenuka: "Inu, anzanu akusaka nkhuni ndi mbuzi, inu mukusaka mphepo?"

Eya, ndikusaka mphepo. Madzulo ndakhala pakhonde kuyang'ana phiri la Michesi. Kumtunda uko mphepo ikungoyendayenda yopanda ntchito. Ndikungofunika kuitsegulira khomo.

LACHIWIRI

Laimu wafika pa kabaza. A Namakhwa, mmisiri wa pa tchalitchi pathu, abwera ndi makwerero. Munthu wosachulutsa mawu. Ndawafotokozera zonse, kuti choyera chimabweza dzuwa pomwe chakuda chimalimeza. Angoti, "Eeh. Tiyambe kusanatenthe."

Tili padenga! Iwo bulashi, ine tsache.

Pamwamba pano dziko ndi lina. Minda ya nandolo yauma, yangoti mbuu mpaka kuphiri. Anthu a njinga pamsewu wa ku Boma akuoneka ngati nyerere zasenza katundu. Ndikuona kale Loweruka: alendo a ku Blantyre akulowa mu holo, akumanga mabatani a majekete. Asewere akundinong'oneza, "Mwaika makina anji muno?" Ine kungoloza kumwamba ndi chala, pang'onopang'ono.

Podzidzimuka, a Namakhwa apaka malata asanu, ine limodzi.

Masana tayesa. Ndakwera pa benchi mkati, ndagwira lata lopakidwa: lofunda chabe, ngati kapu ya tiyi woiwalika. Ndagwira losapaka: mayo ine! Chala chikuwawabe mpaka pano. Koma zikugwira! Zikugwiradi!

Zovuta zazing'ono:
– laimu wathera pakati, denga ndi loyera mbali imodzi yokha
– manja ang'ambika
– nsapato imodzi yatsala padenga

Felesiya watibweretsera thobwa. Wandiona, waseka mpaka kugwira khoma. "Ababa, mwagwera mu ufa?" Akuti diresi lafika kuchokera kwa telala, ndipite ndikalione. Ndati mawa, mwana wanga, lero ndili ndi denga.

Kumadzulo kuli kamtambo kamodzi. Kokongola. Kofanana ndi nkhosa yogona.

LACHITATU

Nkhosa ija yadzuka.

M'bandakucha, chizimalupsa! Yagwa kanthawi kochepa, yongokwanira kupha fumbi. Ndi kutsuka denga langa.

Ndathamangirako. Malata abwerera mwakale, ngati sitinakwereko. Laimu yense ali pansi: makoma ali ndi mizere, maluwa a amayi a kwaya ayera, njinga ya abusa yayera mpaka chishalo. A Namakhwa ayang'ana, akanda chibwano.

"Laimu amafuna mchere kuti agwire."

Ndafunsa chifukwa chake sananene dzulo.

"Simunafunse."

Chabwino. Nambala wani yapita. Tili pa nambala thuu.

Ndawalembera ndi khala malo asanu ndi amodzi pamwamba pa khoma, njerwa imodzi imodzi. Ine ndapita m'mudzi kukabwereka mphasa. Pobwerera ndapeza mabowo asanu abwinobwino, ndi lachisanu ndi chimodzi loti mbuzi ikhoza kudutsa osawerama. Akuti njerwa imodzi inatuluka ndi abale ake.

Komabe! Ndayatsa pepala pakati pa holo. Utsi wakwera mwaulesi, wazungulira kamodzi ngati ukuganiza, kenako wapendekera kubowo lalikulu n'kutuluka. Ndauperekeza ndi maso mpaka wasowa. Sindikudziwa kuti ndaima nthawi yaitali bwanji. Ndimaganiza za kutentha konse kwa mu holo muno, kwa maukwati ndi misonkhano ya zaka ndi zaka, kukutuluka pamzere pabowo lija, kulunjika ku Mozambiki.

Kenako pabowo lomwelo palowa njiwa ziwiri. Zakhala pa mtanda wa denga, zikundiyang'ana.

Pofika madzulo zakwana zisanu ndi ziwiri. Mpweya ukutuluka, njiwa zikulowa.

Diresi sindinalionebe.

LACHINAYI

Mphasa zisanu ndi zitatu, tazimangirira ndi luzi kunsi kwa malata. Aaa! Pansi pake pali mthunzi weniweni, wonunkhira bango. Ndagona chagada pa benchi, manja pachifuwa. Kuwala kukulowa m'timipata ngati nyenyezi zamasana. Ndikadakhala wolamula dziko, nyumba iliyonse ya malata m'Phalombe muno ikadakhala ndi mphasa kumwamba. Ana akadagona masana osalira. M'makalasi aphunzitsi sakadasinza. Ndafika mpaka poona nkhope yanga pa kalendala.

Chitseko phwa! Amake Felesiya ndi amayi anayi.

"Ufa wa ukwati tiyanika pa chiyani? Alendo adzadya siling'i?"

Atsitsa zisanu ndi imodzi. Zatsala ziwiri, zobooka, zikulendewera ngati makutu a galu.

Nambala folo tsopano. Masaka ndabwereka kwa alamu anga, ochita malonda pamsika. Ndawaviika m'ndowa, ndawapachika m'mawindo awiri otseguka aja. Ndakhala pansi kudikira.

Yabwera! Kamphepo konyowa, kozizira, kakundisisita kumaso. Ndatsinzina. Ndili m'bwato pa nyanja ya Chilwa, ndili wamng'ono, amalume akupalasa ndi nsungwi. Akakowa aima ndi mwendo umodzi m'mabango. Madzi ali phee. Asodzi akuyanika nsomba pamchenga, fungo lake likubwera ndi mphepo, likukula, likukulabe...

Ndatsegula maso. N'chifukwa chake ndimalota Chilwa. Alamu anga amagulitsa matemba.

Obwera kudzaona ntchito yanga lero:
– amphaka atatu
– ntchentche, mtundu wonse
– galu wa abusa, wakana kutuluka

A kwaya abwera kudzayeserera nyimbo za ukwati. Aimba vesi imodzi atagwira mphuno. Mayi wina wa mawu okwera wafunsa mokweza, "Ndiye kuti ndiwo za Loweruka tadziwiratu?"

Felesiya wafika mochedwerapo. Waima pakhomo, wayang'ana bowo, njiwa, mphasa, masaka. Wangopukuta mphuno ndi chala n'kuyang'ana chalacho, monga amachitira kuyambira ali mwana. Panalibe magazi.

Masaka ndawachotsa. Fungo lakana.

LACHISANU

Akuchimuna afika pa minibasi. Amalume a mkwati, a Chimwala, munthu wa tayi ngakhale dzuwa lotere, atsitsa chinthu chokulunga m'bulangete. Makina oziziritsa! Eyakoni ya timatayala, msinkhu ngati filiji yaing'ono, kumbuyo kuli chipaipi ngati chitamba cha njovu. Akuti anamva kuti kuno kumatentha, ndiye anabwereka kwa mnzawo.

Alowa mu holo, anunkhiza. Kenako akweza maso.

"Asewere, makinawa amafuna potseka. Kuzizira kukapeza pothawira, magetsi angothera panja. Mabowo awa anaboola ndani?"

A Namakhwa ayang'ana ine. Ine ndayang'ana njiwa.

Ndayamba kufotokoza kuti makina ndi omalizira, kuti poyamba pamafunika denga. Amake Felesiya andiponda chala. Ndamaliza ndi kutsokomola.

Tsiku lonse latha ndikutseka zomwe ndinatsegula Lachitatu. Zotsekera zenizeni tilibe. Makatoni, nyuzipepala zakale, ndipo pabowo lalikulu, masaka a alamu anga. Njiwa zisanu tazithamangitsa. Ziwiri zabisala.

Tayatsa. Makina ayamba kung'ung'udza. Ndaima kutsogolo kwake, ndipo taonani, ndi kamphepo komwe kaja, ka mu ofesi ya abwana, fungo lake lomwelo la chitsulo chozizira. Ndangotsala pang'ono kufunafuna fayilo m'khwapa. Phazi limodzi kumanja: Phalombe. Phazi limodzi kumanzere: Blantyre. Ndabwereza kangapo, mpaka a Namakhwa andifunsa ngati ndikuphunzira gule wa mawa.

Koma chipaipi n'chachifupi, sichikufika pawindo. Kutsogolo makina akutulutsa chisanu, kumbuyo akulavula moto, mu holo momwemo. Ndapita kukasuzumira pa mita. Mayunitsi akutsika ndikuona ndi maso, ngati madzi m'ndowa yobooka.

Holo yonseyi, malo ozizira ndi mpando umodzi. Ndauikapo chizindikiro ndi choko. Ndi wa Felesiya.

LOWERUKA

Ndaliona diresi. Felesiya ali nalo m'thupi, pakhomo la tchalitchi, wagwira mkono wanga. Ndangomukonzera nsalu yakumutu yomwe inali yokonzeka kale.

Mapemphero ayenda bwino. Masana, tonse mu holo. Mawindo otseka, chitseko chotseka, anthu thithithi. Mkwatibwi pampando wake wa choko, tsitsi likuuluka pang'ono. Mkwati pambali pake, kolala yanyowa. Okhala kumbuyo kwa makina ndi azakhali a mkwati. Akuoneka ngati akuwotha moto.

Woimbitsa nyimbo wayatsa zokuzira mawu. Thii! Zonse zazima, makina ndi nyimbo zomwe. Ayatsanso. Thii! A Namakhwa akuti waya wa mu holo sungasenze zonse ziwiri, tisankhe. Achinyamata akuwa kuti nyimbo. Palibe wandifunsa ine.

Zomwe zatsatira, mwadongosolo:
– kutentha kwadzutsa matemba
– keke yayamba kupendekera ku Mulanje
– njiwa ziwiri zija zatulukira, imodzi yasiya mphatso paphewa la a Chimwala
– ana ayamba kulira onse pamodzi

Ndayang'ana Felesiya. Chala chake chikukwera, chikupita kumphuno. Ndaimirira.

Amake Felesiya sanadikire. Anyamula mpando wawo, ausenza pamutu, nthungululu lililili, ulendo wapanja! Amayi a kwaya pambuyo, aliyense ndi mpando. Kenako holo yonse. Anyamata anayi anyamula tebulo la keke ngati anyamula wodwala. Mkwati wagwira mkazi wake dzanja, akuthamanga, akuseka.

Kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mitengo ya mango. Mthunzi wandiweyani, masamba akugwedezeka. Sabata yonse ndakhala ndikudutsa pamenepa ndi makwerero.

Kamfuno sanatuluke. Diresi layera mpaka dzuwa kupendeka, kupatula fumbi la m'munsi, la kuvina. Inenso ndavina, ndi azakhali a mkwati, mtima wawo utazizira.

A Chimwala, jekete ili pa nthambi, andigwira dzanja. "Malo abwino awa, asewere. Munaganiza mwanzeru."

Sindinawatsutse.

LAMULUNGU

Miyendo ikuwawa. Khosi silikutembenuka.

Ku tchalitchi, pa zolengeza, abusa ati holo ikhala yotseka kufikira itachira, ndipo amene anaidwalitsa akudzidziwa. Mpingo wonse watembenuka nthawi imodzi. Ine ndinali kuwerenga buku la nyimbo, chadodolido.

A Namakhwa potuluka: "Lachiwiri. Mubwere ndi njerwa."

Masana taperekeza ana ku depoti. Masutikesi awiri, thumba la nandolo, nkhuku yamoyo ya kwa amake. Makina aja awakhazika pampando wa pawindo, Felesiya pakati. Minibasi isananyamuke watulutsa mutu modutsa pamwamba pa makinawo.

"Ababa, musakwerenso padenga, mwamva? Mwakula."

Ndati ndamva. Ndinali ndi zambiri zoti ndimuuze, za kumwa madzi pafupipafupi, za kusankha nyumba ya mawindo mbali ziwiri. Kondakitala wamenya chitseko, fumbi kobo. Ndakweza dzanja mpaka galimoto yakhota.

Kunyumba kuli zii. Chitseko cha chipinda chake n'chotsegula. Pakhoma patsala misomali yokha, ndi kagalasi kosweka pakona. Ndakhala pabedi pang'ono. Mukutentha kwambiri muno, ndipo sanadandaulepo ndi tsiku limodzi.

Amake Felesiya aima pakhomo, maso ofiira, mawu olimba. "Dzukani, inu. Mipando ya tchalitchi ikadali pansi pa mango, mbalame zikuionongera."

Ndavala chipewa. Mipando ndi yambiri, dzuwa likadali pamutu. Ndizinyamula iwiriiwiri.