Dzanja la a Ndikukana

Mumpingo uja munalibe amene sankalidziwa dzanja la a Ndikukana. Bambo amenewa anali telala, ndipo kwa zaka makumi atatu anakana chilichonse chimene msonkhano wa mpingo unakambirana. Kumeneko kunalibe bishopu kapena likulu lolamula. Nkhani ankagamula akhristu eni ake pokweza manja, bola akwane khumi ndi awiri. Mlembi akangoti, "Otsutsa ali...," dzanja lija linali litafika kale kudenga.

Mlembiyo, mayi wopuma pa uphunzitsi, mutu unkamuwawa akangowaona pa benchi yachitatu.

"Tisinthe malata akudonthawa."

"Ndikukana."

"Chifukwa?"

"Madonthowo amadzutsa ogona pa ulaliki."

Tsiku lina mpingo unati uwathokoze chifukwa chosoka makatani mwaulere. Anakana, ati m'munsi munakhota. A Ndikukana atatupa mwendo, mlembi anati lero lokha tipumako. Kupuma kuti? Anatulukira pa wilibala, mpongozi wawo akukankha, dzanja lili m'mwamba kuyambira pachipata.

"Koma bambo, nkhani yake simunaimve n'komwe."

"Mayi, tonse tikavomera ndiye kuti palibe waganiza. Lembani kuti ndakana."

Ankalemba akukukuta mano.

Koma anthu ankachepa. Achinyamata anapita kukafuna ntchito, abusa anapuma, okalamba ankatsogola mmodzimmodzi. A Ndikukana nawo atamwalira, mlembi anaitanitsa msonkhano woti aitane mbusa watsopano, mumtima akuti tsopano zinthu ziyenda. Anawerenga mitu, khumi ndi mmodzi. Anabwereza, mpaka kukasuzumira panja.

"Tilandire membala watsopano," anatero mlamu wake.

"Kulandira munthu kumafuna anthu khumi ndi awiri, alamu."

"Ndiye tisinthe lamulolo."

"Nakonso khumi ndi awiri."

"Basi, titseke tchalitchichi."

Mlembi anangoyang'ana pansi. Ngakhale kutsekako sakanatha. Apa m'pamene mtima unamupweteka zenizeni: munthu amene anamusowetsa mtendere zaka zonsezi sanajombepo ngakhale kamodzi, ndipo "ayi" wake uja ndiye ankakwaniritsa chiwerengero.

Mpaka lero amakumanabe mwezi ndi mwezi, opanda mbusa, ndowa zitandandalikidwa pansi pa malata aja. Mlembi amatsegula buku lake, n'kuwerenga nkhani zomwe zija. Kenako amafunsa, "Otsutsa alipo?" ndipo amadikira nthawi yaitali, maso ali pa benchi yachitatu.

Palibe amene amakana. Palibenso chimene chimatheka.