Tochi yanga ndi chithunzi cha chinkhoswe

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma bola ndiinene ndekha, chifukwa akainena ena kuno ku Kawale amawonjezera zawo.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkachita lendi bambo Mhango, mkulu wa mpingo wochokera ku Rumphi. Anali munthu wofatsa, wopuma pa ntchito, wokonda kujambula ndi kamera yakale ya miyendo itatu, ija wojambula amachita kufunda nsalu yakuda. Pa chinkhoswe cha mwana wanga Tadala anati mphatso yawo ikhala chithunzi cha mabanja onse awiri, ife ndi akuchimuna ochokera ku Mulanje. Tinaima pamzere, anafunda nsalu yawo, anatijambula.

Sabata isanathe, Tadala anagona. Mutu, kusanza, thupi kutentha ngati mbaula.

Ndiye kunabwera Nabanda, neba wanga. Mawu awo ndiwanena monga anawanenera.

"Anaphiri, ine sindikonda zonena anthu. Koma zikhadabo za bambo aja munaziona?"

Ndinali nditaziona. Zakuda bii, sopo ankalephera.

"Nanga mawindo kutseka ndi mabulangete dzuwa likuswa mtengo, akubisa chiyani? Ana awamva akuimba mumdimamo, chilankhulo chosadziwika. Munthu anafunda nsalu yakuda, n'kuloza mwana wanu ndi chibokosi. Lero mwana ali kwala. Shuwa mukufuna ndimalize?"

"Tisaweruze, Nabanda," ndinatero. Koma m'chipinda Tadala anabuula, ndipo mtima wanga unaweruza wokha.

Ndinagwada, ndinapemphera, ndinatenga Baibulo kudzanja ili, tochi kudzanja linalo. Nabanda ananditsatira, koma chapatali.

Pakhomo pa bambo Mhango ndinatchera khutu. Zoonadi: madzi akukhuvuka m'beseni, mawu a mwamuna akuimba chapansipansi. Ndinakweza mawu.

"Odi!"

"Amayi, chonde musatsegule! Dikirani pang'ono!"

"Mukutani mumdima masana ano?"

"Ndikufotokozerani ndikatha. Kuwala kukangolowa, zonse zawonongeka!"

Nabanda ananong'ona kumbuyo kwanga: "Mwamva? Akuopa kuwala!"

Basi. Chitseko chinkangogwidwa ndi msomali wopinda. Ndinachikankha ndi phewa, n'kuyatsa tochi.

Choyamba kuona chinali chingwe, ndipo pachingwepo panalendewera chinthu chonga pulasitiki, chachikulu kuposa chikhatho, chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mkati mwake munali munthu. Nkhope yoyera ngati mzukwa, mano akuda. Duku ndinalizindikira. Ndinali ineyo, wopanidwa ndi pegi!

"Mwazi wa Yesu!" ndinakuwa. "Andiyanika!"

Ndinaloza tochi m'beseni mmene munali manja awo. Munali chipulasitiki china, ndipo pa icho panayamba kuoneka timitu ta anthu, mzere wonse. Ndinapemphera mokweza, tochi ili pomwepo, osaisuntha. Ndi maso angawa ndinaona timitu tija tikumira pang'onopang'ono, mpaka chonse chinada bii.

"Zagonja!" ndinatero. "Ameni!"

Bambo Mhango sanakalipe. Anatulutsa manja m'beseni, anapukuta pa thaulo, n'kukhala pa kampando ngati munthu wochokera kumanda.

"Amayi," anatero, "awa ndi mankhwala otsukira filimu, dzina lake payiro. Amadetsa zikhadabo, amafiiritsa filimu, ndiyo ntchito yake. Filimu siyenera kuona kuwala isanathe kutsukidwa. Ndiye poti mumdima wotchi sioneka, ndimaimba nyimbo ya kutchalitchi kwathu m'Chitumbuka. Nyimbo ikatha, filimu yapsa. Ndinali pa vesi yomaliza."

Ndinaloza chingwe chija.

"Nanga ichi cha pachingwe?"

"Chimenecho ndinangoyesera kamera anthu asanaime pamzere. Chatuluka bwino kwambiri. Cha mabanja onse awiri ndi ichi mwachipemphererachi. Chinali chimodzi chokha."

Ndinatembenuka kuti Nabanda andithandize kupepesa. Ndinangopeza patapata imodzi.

"Mwana mwapita naye kuchipatala?" anafunsa bambo Mhango.

Ndinali ndisanapite naye. Anatiperekeza okha pa minibasi, zikhadabo zomwe zija zitagwira chikwama cha Tadala. Anapezeka ndi malungo. Anamwa mankhwala, anachira.

Akuchimuna atatumiza uthenga kufunsa chithunzi, bambo Mhango anawatsukira chimene chinapulumuka, chachikulu, n'kuchiika m'fulemu. Lero mukalowa pabalaza kwa mkamwini wanga, m'chithunzi chokhacho cha chinkhoswe chawo mulibe mkwati, mulibe mkwatibwi, mulibe ankhoswe. Muli ine ndekha kuseri kwa tenti, diso limodzi lotsinzina, mwendo wa nkhuku uli m'kamwa.

Ndinaphunzirapo kuti mdima wina uli pa ntchito: musanaudzudzule, dikirani nyimbo ithe.