Tsiku limene laibulale yathu inatsegula nthambi kumsika

Anzanga amandiseka kuti ndikagula mandasi ndimayamba ndawerenga pepala lokulungira, kuno ndi kuseri, ndisanalume. Amati ndi matenda a uphunzitsi. Ayi abale, si uphunzitsi umenewo, ndi chipsera, ndipo lero ndikuuzani pamene ndinapsera.

Munali m'masiku a chipani chimodzi aja, ine ndili mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi boma la Mwanza. Pachipatala chakale cha mishoni panali kachipinda kodzaza mabuku a zachipatala, ena osindikizidwa, ena makaundula akuluakulu olembedwa pamanja ndi madokotala oyamba aja: ndani anabwera ndi nthomba, ndani ndi khate, ndani anabadwira pomwepo, anapatsidwa mankhwala anji. Sukulu ya madokotala ya yunivesite itatsegulidwa ku Blantyre, akuluakulu ake anamva za kachipindako, nati kakhale mbali ya laibulale yawo ya mbiri ya zachipatala. Anatiuza mosapsatira kuti tisankhe komiti yoyang'anira, iwo adzabwera kudzayendera. Akadzapeza tikusamala bwino, mabuku adzakhala ku Mwanza konkuno, koma akadzapeza zosalongosoka adzanyamula onse kupita nawo ku Blantyre. Zinatikhudza kwambiri, chifukwa Mwanza anthu ankangoidziwa ndi manachesi ndi malole a pamalire, ndiye tinati nafenso tikhale ndi kanthu kena konyadira.

Wapampando tinasankha Mayi Nachisale, sisitala wamkulu wa pachipatalapo, mayi amene anabayapo jakisoni pafupifupi aliyense wa m'komitimo, moti palibe ankalimba mtima kuwatsutsa. Mlembi ndinali ine, chifukwa cha kalembedwe kanga, kamene kunena zoona kanali kokongola, ndipo ndinkadziwa kuti nkokongola, ndiye vuto lake. Ndinalemba malamulo a komiti masamba asanu ndi limodzi, ndi inki yabuluu, mitu yake ndi yofiira. Lamulo loyamba linkati: "Pepala lililonse la m'laibulale muno lisatuluke pakhomo popanda chilolezo cha komiti yonse." Ndinaliwerenga katatu pamsonkhano, ndikumenya tebulo, maso ali pa anzanga ngati kuti aba kale, n'kuwakumbutsanso kuti mutu umodzi susenza denga. Musunge mawu amenewo, tiwapeza kutsogoloku.

Kalata inafika yoti alendo abwera Lachisanu. Lachinayi masana nditaweruka ndinakapempha kiyi kwa Mayi Nachisale kuti ndikangosesako. Kusesa basi, munthu angalakwe chiyani posesa?

Nditatsegula, manyazi anandigwira. Makaundula aja achikasu ngati mano a munthu wafodya, zikuto zonyotsoka, m'mbali mphemvu zitadyamo, fungo lake ngati nkhokwe yakale. Tsono inu mudziwe kuti ine ndinakulira m'manja mwa oyendera sukulu. Woyendera akamabwera, mabenchi othyoka timabisa kuseri kwa chimbudzi, mabuku ong'ambika timatsekera m'kabati, patebulo timayika atsopano okha. Nzeru yomweyo inandibwerera. Ndinati anthu ophunzira, ochokera ku yunivesite, tikawaonetse zinyalala izi? Adzati anthu a ku Mwanza ndi auve, n'kutilanda laibulale.

Ndinakatenga timabuku tatsopano ku ofesi ya zaumoyo, tonyezimira, tonena za kukumba chimbudzi ndi kusamba m'manja, n'kutindandalika pamashelefu. Pansi ndinapaka polishi wofiira mpaka waliwali, pawindo maluwa m'chitini, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko ndinachipukuta n'kuchiwongola bwinobwino pamwamba pa zonse. Makaundula aja ndinawalonga m'wilibala, ndipo poti ine sindikonda kuwononga zinthu, ndinati kuwotcha ayi, ndikapatse Che Amidu, amene anali ndi golosale m'kati mwa msika, akazi awo akukazinga mandasi pakhonde. Anthuwa ankasowa mapepala okulungira nthawi zonse.

Che Amidu anayang'ana wilibala, n'kuyang'ana ine. "Aphunzitsi, mabuku onsewa? Akomiti akudziwa?"

"Che Amidu, komiti ndine," ndinatero ine, n'kubwerera ndikuimba kamluzu, mtima uli mbee kuti ndathandiza laibulale ndathandizanso malonda. Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Lachisanu m'mawa ndinafunafuna malamulo anga aja kuti ndiwakhome pakhoma alendo awaone, osawapeza, ndiye ndinangoti kapena ndawasiya kusukulu. Komiti yonse inafika itatchena, Mayi Nachisale analowa, anayang'ana mashelefu, anatsegula pakamwa kuti andifunse, pomwepo galimoto ya yunivesite inaima panja. Munatsika a Pulofesa, bambo wachikulire wofatsa, magalasi ali pamphuno, ndi anzawo awiri. Analowa, anayamikira polishi, anayamikira maluwa, ine mapewa m'mwamba. Anatenga kabuku kamodzi ka chimbudzi, anakatembenuza, n'kukabweza pamalo pake mwaulemu.

"Mwakonza bwino zedi," anatero. "Tsopano tioneko chuma chenichenicho. Makaundula olembedwa pamanja aja ali kuti? Amenewo ndi amene tayendera ulendo wonsewu, mtundu wake sapezekanso kwina kulikonse."

Abale inu! Mawu oti mbiri ndinali nditawalemba ndekha pamwamba pa malamulo ndi inki yofiira, koma mpaka nthawi imeneyo sizinandilowe m'mutu kuti mbiri imakhala m'zinthu zakale. Maso onse anali pa ine. Munthu wanzeru akanagwada pomwepo n'kuulula. Ine ndinamva pakamwa panga pakuyankhula pokha.

"Ali ku nthambi yathu, a Pulofesa."

"Nthambi?" anatero Mayi Nachisale, mawu ali pansipansi, maso aja a jakisoni ali pa ine.

"Eya, mayi wapampando, nthambi ija. Mundilole ndikawatenge, sipatali."

Ndinavula jekete n'kuikoleka pampando, ndinakwera njinga, ndinapalasa ngati ndikuthawa njuchi, m'mutu ndikuwerengera mandasi amene anthu a ku Mwanza amadya m'mawa umodzi, ndi masamba angati a nthomba amene apita kale. Kufika pachipata cha msika, anyamata a chipani aja ali chilili, akufunsa makhadi a chipani monga mwa masiku amenewo.

"Khadi, aphunzitsi."

Ndinagwira pachifuwa. Khadi lili m'jekete, jekete lili pampando, mpando uli pafupi ndi a Pulofesa. Ndinawachonderera, wina mwa iwo ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 5, koma anangoti, "Pepani aphunzitsi, munkatiuza nokha kuti lamulo ndi lamulo." Ndinaona kuti tsiku limenelo zonse zimene ndinaphunzitsapo anthu zapangana kundibwerera.

Ndinabwerera, thukuta kamukamu, n'kulowa monyang'ama kuti nditenge jekete mwakachetechete. Koma polishi wanga uja! Phazi linaterereka, ndinakagwira shelefu, timabuku ta chimbudzi tonse n'kundigwera pamutu. A Pulofesa anandidzutsa okha, akundisansa fumbi.

"Musavutike chotere, a mlembi. Mabuku olemera ngati amenewo panjinga? Galimoto ilipo. Tiyeni tonse, ndi ntchito yathu kuyendera nthambi yomwe."

Kodi munayamba mwakwerapo galimoto yabwino mukulakalaka itaphulika tayala? Ine ndinapemphera njira yonse, koma matayala a yunivesite anali olimba. Nditavala jekete langa, anandikhazika kutsogolo kuti ndizilozera njira, ndipo ndinalozadi, kumanzere, kumanja, mpaka pachipata cha msika. Tonse tinatsika, tinaonetsa makhadi, n'kuyamba kuyenda pakati pa milu ya manachesi ndi usipa, komiti yonse pambuyo panga ngati tikupita kukafunsira mbeta. Mayi Nachisale anandiyandikira n'kundinong'oneza, "A mlembi, ngati nthambi imeneyi ili pamene ndikuganizapo, mudzadwala tsiku lina, ndipo mudzandipeza."

Tikufika pagolosale, mayi wina akuchoka ndi mandasi m'pepala lonona mafuta. Ndinatseka maso.

Che Amidu anatuluka, kofia ili kumutu, anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri, ndipo ine ndisanapeze bodza lina a Pulofesa anafunsa okha za makaundula. Che Amidu anangoti, "Lowani, mabwana." Anatitengera kuchipinda cha m'kati. Pamwamba pa tebulo, kutali ndi mchere ndi palafini, panali sutikesi yachitsulo. Anaitsegula. Makaundula onse anali mmenemo, atapukutidwa, aliyense atakulungidwa m'nsalu yoyera, pakati pake atayikamo masamba a nimu kuti tizilombo tisayandikire. Palibe tsamba ndi limodzi lomwe linang'ambidwa.

A Pulofesa anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anatsegula kaundula mmodzi pang'onopang'ono ngati akufundukula khanda. Che Amidu anatambasula dzanja, anatembenuza masamba mpaka pamene anaikapo kachingwe, n'kuloza mzere wina ndi chala.

"Awa ndi mayi anga, Abiti Saidi. Apa alemba kuti anabereka mwana wamwamuna, wamoyo. Mwanayo ndine. Anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo, chithunzi palibe, ndipo dzulo ndi tsiku loyamba kuona dzina lawo litalembedwa penapake." Anatseka kaundulayo. "M'mabukumu muli amayi a anthu ambiri."

Mayi Nachisale, amene sindinawaonepo akulira ngakhale pamaliro, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Inenso misozi inalengeza, ina ya chisoni, koma ndisaname, yambiri inali ya chimwemwe choti ndapulumuka. A Pulofesa anati m'maulendo awo onse sanaonepo mabuku akale osungidwa mwachikondi chotere, ndipo komiti imene inaganiza zowachotsa m'chipinda chachinyezi chija n'kuwabweretsa pouma ndi komiti yodziwa ntchito. Mapewa anga anayambanso kukwera. Ndinafika mpaka poyankha kuti, "Timayesetsa, a Pulofesa."

Kenaka akazi a Che Amidu anabweretsa tiyi ndi mandasi otentha, aliyense ake m'kapepala, poti alendo sachoka chimanjamanja. Tinakhala pabenchi pakhonde, tikudya, tikuseka. A Pulofesa, pokhala munthu wozolowera kuwerenga chilichonse, anatambasula kapepala kawo, anakayang'anitsa padzuwa.

"Kalembedwe kokongola bwanji! Inki yabuluu, mutu wofiira." Anakonza magalasi n'kuwerenga mokweza: "Lamulo loyamba. Pepala lililonse la m'laibulale muno lisatuluke pakhomo popanda chilolezo cha komiti yonse."

Aliyense anatambasula kapepala kake. Wina anali ndi ntchito za wapampando, wina za kasungidwe ka kiyi, Mayi Nachisale anapeza chilango cha membala wophwanya malamulo, mafuta atadontha pa siginecha yanga.

Che Amidu, munthu wosadziwa kunama, anafulumira kupepesa. "Mundikhululukire, mabwana, amenewo okha ndi amene tang'amba, anali pamwamba pa wilibala. Aphunzitsi anati zonsezi ndi zokulungira mandasi, komiti ndi iwowo. Tsono tinaona kuti m'mapepala amenewa mulibe dzina la mayi wa munthu, ndiye tinati awa ndiye opanda ntchito."

Woyamba kuphulika anali a Pulofesa. Anaseka mpaka tiyi anatayikira pa thalauza, anzawo awiri aja akugwirana mapewa, amayi a manachesi amene sankadziwa n'komwe nkhani nawonso akuseka. Ine ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Ndinaimirira, ndinaulula zonse kuyambira polishi mpaka nthambi, n'kupepesa kwa komiti, kwa alendo, ndi kwa Abiti Saidi amene ndinatsala pang'ono kuwakulungitsa mandasi.

Msonkhano unachitikira pakhonde pomwepo. A Pulofesa anagamula kuti mabuku akhala ku Mwanza, chifukwa boma limene wogulitsa m'golosale amadziwa kulemekeza kaundula silingalandidwe mbiri yake. Tinaomba m'manja, amayi analuluta. Koma anaika mfundo ziwiri: Che Amidu alowe m'komiti ndipo kiyi azisunga iwowo, komanso malamulo alembedwenso, popeza oyamba aja tinali titadyera. Mayi Nachisale anawonjezera yachitatu, yoti zonse zilowe m'maminitsi, ndipo wolemba maminitsi mukumudziwa. Anandiyimirira pamsana akundiuza mawu amodziamodzi, ine ndikulemba ndi kalembedwe kanga kokongola kaja: "Komiti yadzudzula mlembi chifukwa chodziyesa komiti."

Maminitsi amenewo anawasunga m'sutikesi momwemo, pamodzi ndi nthomba ndi khate, ndiye kuti inenso ndinalowa m'mbiri ya zachipatala ngati matenda ena. Kuyambira tsiku limenelo sindinatayeponso pepala ndisanafunse anthu osachepera atatu, ndipo mawu oti komiti ndine sanatulukenso pakamwa panga, ngakhale kunyumba kwanga, kumene wapampando wake amadziwika kale.