Mmene Ndinagonekera Mayi Anga M'chipatala Chifukwa cha Lamineti

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma popeza ku Chiwalo konse akuidziwa kale, mpaka a kabaza amaikamba akamadikira makasitomala, bola ndiinene ndekha anthu asanaithire mchere wina. Ndi nkhani ya manyazi, ndipo mwini manyaziwo ndine, mphunzitsi wa ku sekondale, munthu wovala taye.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Kuno ku Chiwalo, m'boma la Phalombe, ndinabwera ndi ntchito, ndinapezako Esnati, ndipo ndinamanga nyumba pamalo a kwawo monga amachitira mkamwini aliyense. Nyumba itatha, mtima unayamba matama. Simenti yopaka polishi wofiira ili m'nyumba iliyonse, matailosi nawo mavenda a nandolo anaika kalekale. Ine ndinkafuna lamineti, timatabwa tosalala tija tolumikizana pansi. Ndinationa kwa mnzanga ku Blantyre, ndipo kuchokera tsiku limenelo pabalaza panga pankandinyansa.

Njira zinalipo ziwiri. Ku Limbe kuli shopu ina imene imagulitsa lamineti, kubweretsa, kuika, ndipo ikafufuma amabweranso kudzakonza ulere. Mtengo wake ndi wokweza bipi. Njira inayo inali yapafupi komanso yotchipa: a Nakoma, malume ake a mkazi wanga, amene anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito yomweyi. Anabwerera kumudzi n'kuyamba ulimi, koma zida zawo anasunga.

Vuto linali lakuti a Nakoma si malume wamba. Ndiwo mwini mbumba, ndiwo nkhoswe ya ukwati wanga, ndiwonso anandilozera malo omangapo nyumbayo. Ndiye ndinkadzifunsa kuti thabwa litakhota, ndingawakalipire bwanji munthu amene ndikayambana ndi Esnati ndimakagwada pamaso pawo? A shopu ukhoza kuwazazira pafoni n'kugona tulo tabwino. Komanso ndisabise, ndinkawaderera. Ndinkaona njinga yawo yomangamanga ndi mphira, mumtima n'kumati za ku Joni zija zinatha.

Loweruka lina anatulukira ndi tepi yoyezera m'thumba. Azimayi a pamudzi anali atawauza kale za lamineti. Anayeza pabalaza ponse akuimba mluzu, nandiuza kuti ndingogula katundu, iwo aika, ndidzawapatse ya sopo basi. Nkhope yawo inkawala ngati munthu amene waitanidwa ku ntchito yake yeniyeni patapita nthawi yaitali.

Apa munthu wanzeru akananena zoona mwaulemu. Koma mkamwini amakana bwanji nkhoswe m'maso muli gwa? Pakamwa panga panangotseguka pokha.

"Amalume, za laminetizi tayamba taimika kaye. Mayi ku Dowa sali bwino, ndiye kangachepe kamene tinasunga kapita kumeneko."

A Nakoma anapinda tepi yawo pang'onopang'ono, n'kuvula chipewa. Anafunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndinati miyendo ndi bipi. Anafunsa ngati ali kunyumba. Ndinaona kuti matenda a kunyumba sangathe ndalama zonse za lamineti, ndiye ndinati agonekedwa. Mayi anga amenewa, munthu amene amasenza thumba la chimanga yekha osapempha womutula!

Iwo atapita, Esnati anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Sanakalipe. Anangoti popeza ndawagoneka ndekha, ndidzawatulutsenso ndekha, iye zimenezi sizikumukhudza.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kuno matenda sakhala a munthu mmodzi. Kutacha, pakhonde panali patadzaza azimayi a mbumba yonse, atabwera kudzandipepesa. Apongozi anga aakazi anali patsogolo, maso ali ofiira. Wina anabweretsa mpunga wa ku Chilwa, wonunkhira uja, wina matemba, ndipo a Nakoma anatumiza tambala wamkulu kuti wodwala akamwe msuzi. Ndinalandira zonsezo ndi manja awiri, nkhope ndili ndwii.

Lamlungu kutchalitchi analengeza. Mpingo wonse unaimirira kupempherera mayi a aphunzitsi, ine ndili pakati ndaweramitsa mutu, ndikupempha Mulungu kuti pempherolo asalitenge ngati chikumbutso. Lolemba ahedi anandiitana n'kundiuza kuti ndikafuna kupita ku Dowa ndisadandaule za makalasi. Aliyense wokumana naye panjira ankafunsa za wodwala, ndipo ine ndinasanduka nesi wopereka malipoti. Lero adyako phala. Lero ayenda pang'ono kupita panja. Lero adokotala akuti tidikire.

Tambala uja sindikanamutumiza ku Dowa, chifukwa akanafika ndi mafunso. Kumusunga nakonso kunali chilango, poti m'mawa uliwonse ankalira pawindo panga penipeni. Tinamudya ndi mpunga uja. Ndikuti tinamudya, koma Esnati anakana, akuti iye sadya nkhuku ya wodwala.

Mungaganize kuti apa ndinasiya za lamineti. Ayi ndithu. Ndinakwera minibasi mwakachetechete kupita ku Limbe, n'kukalipira zonse. Mnyamata wa pakauntala atamva kuti ndachokera ku Phalombe, anafunsa ngati kwathuko kulibe mmisiri. Ine ndinakonza taye n'kumuuza kuti kuli mdala wina amene amati anaphunzira ku Joni, koma ine za amisiri a kumudzi ayi, ndikufuna akatswiri. Mnyamatayo anati ndafika pamalo oyenera, anditumizira katswiri wawo wamkulu. Ndinasankha tsiku limene ndinamva kuti a Nakoma akhala ali ku Chilwa kodula mpunga. Zoti adzaiona laminetiyo pambuyo pake ndinati ndidzaganiza nthawi yake ikadzakwana.

Tsiku lija lole inafika m'mawa, ana a m'mudzi akuithamangira. Anyamata anatsitsa makatoni n'kuwaunjika pakhonde mpaka kufika m'chifuwa. Kenako onse anakweranso, dalaivala n'kuliza injini. Ndinathamanga kukafunsa kuti nanga katswiri uja ali kuti. Dalaivala anati kutali ngati kuno satenga mmisiri wa ku Limbe, amagwiritsa ntchito munthu wawo wa dera lomwelo. Amuimbira kale, ali m'njira.

Asanamalize n'komwe, ndinamva belu la njinga. Belu limenelo ndimalidziwa ngakhale ndili m'tulo.

A Nakoma anatsika, chikwama cha zida chili pakaliyala. Mutu wanga unakanabe kumvetsa. Ndinkaganiza kuti abwera kudzafunsa za wodwala, ndiye ndinathamanga kukaima kutsogolo kwa makatoni, manja nditatambasula ngati ndingabise phiri la Mulanje ndi jekete.

"Amalume, mwabwerako ku Chilwa? Awa ndi mabuku a kusukulu, angosungitsa kuno."

Pa katoni iliyonse panali chithunzi cha thabwa.

Dalaivala anasuzumira pawindo akumwetulira. "Madala Nakoma, mwafika? Kasitomala wanu ndi bwana amenewa. Muwagwirire bwino, paja akuti amisiri a kumudzi sawafuna!"

Lole inanyamuka n'kundisiya m'fumbi.

Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo zikanandipepukira. Koma a Nakoma anandipatsa moni mwaulemu wonse, anapempha tsache kwa Esnati, anasesa pabalaza, anayala kapepala kofewa kapansi, n'kuyamba ntchito. Ine ndinavula taye n'kusanduka wopatsira matabwa. Tsiku lonse m'nyumba munkangomveka kuti khe, khe, matabwa akulowana. Ndinayesa kuyamba nkhani yakuti ndalamazi ndi ngongole ya kuntchito, iwo anangoti, "Gwirani apo." Ndinayesanso kuti mwina a shopu anandimva molakwika, iwo anati ndipatsire thabwa lina.

Panja azimayi aja anali atasonkhananso. Ankalankhula Chilomwe, chimene ine ndimangomva moni wokha, koma tsiku limenelo ndinkamva chilichonse. Apongozi anga, amene analira chifukwa cha mayi anga, ankangoyang'ana makatoni opanda kanthu n'kumagwedeza mutu.

Chopweteka kwambiri n'chakuti ntchitoyo inatuluka bwino zedi. Ya mnzanga wa ku Blantyre ija inachepa. Ndinkafufuza ndi maso mwina pena pakhota kuti mtima upezeko pogwira, koma panalibe.

Dzuwa litapendeka anamaliza, anasamba m'manja, n'kuitana mbumba yonse kuti ilowe idzaone. Anthu anavula nsapato pakhomo n'kukhala pansi pa lamineti yanga, akuisisita ndi zikhatho. A Nakoma anakhala pampando, natulutsa kafoni kawo ka mabatani.

"Aphunzitsi," anatero mofatsa, "a shopu atandiimbira n'kutchula dzina lanu, ndinasangalala. Ndinati ndiye kuti mayi achira, ndalama yatsalako. Ndinaimbira nkhoswe mnzanga ku Dowa kuti tithokoze Mulungu limodzi, iye n'kupereka foni kwa mayi anu eni ake. Anati ndikafika kuno ndiwaimbirenso."

Anadina batani, anakweza mawu kuti aliyense amve, n'kuika foniyo pansi pakati pathu. Inaitana kawiri. Kumbali inayo kunkamveka mbuzi, kenako mawu amphamvu amene ndinakula nawo.

"Ndiwe Yosefe?"

"Ndine, mayi."

"Ndamva kuti ndagonekedwa. Palibe anandiuza, ine ndakhala ndikungokumba mtedza kuno. Koma zimenezo tidzakamba ukadzabwera. Pano ndiuze, mpunga wanga ndi tambala wanga zifika liti?"

Ndinayang'ana pansi kufuna polowa, koma a Nakoma sanasiye mpata ngakhale wa nyerere.

Ukafuna kunama, usadwalitse munthu woti ali ndi foni.