Mmene Ndinakafunira Manda a Mayi Anga M'kompyuta

Inu akabaza amene mukuseka kumapetoko, sekani ndithu mano onse aonekere, chifukwa ndikamaliza nkhaniyi mupita kwanu mutagwira pakamwa. Mvula iyi sikata msanga, ndiye senderani pakhonde pano. Ine Fulaisoni Namakhula, amene ndinakhala kapitawo wa othyola tiyi mpaka tsitsi lonse kuthothoka, ndinalowa m'kompyuta. Sindikunena kusuzumiramo ayi, ndikunena kulowa thupi lonse, ndi majombo omwe. Wotsutsa aimirire pompano pa Luchenza, anene kuti iyeyo analipo. Palibe? Ndiye tsekani pakamwapo.

Kuseri kwa fakitale ya pa esiteti imene ndinkagwira ntchito kuli zitunda zitatu, zofanana ngati ana a mimba imodzi. Pa chimodzi mwa zimenezo tinaikapo mayi anga, nthawi imene tinkakhala m'malaini, nyumba za antchito a kampani. Anali manda aang'ono a ife obwera, opanda simenti, chizindikiro chake mtengo wa mkuyu ndi mbale yoboola basi. Malaini aja anaphwasulidwa, anthu anabalalika, mkuyu unagwa ndi chimvula chija chinagumula mapiri, mbale inapita ndi madzi, ponsepo nkumera tchire loti ngakhale nyani amayamba waganiza asanalowemo. Ndiye tsiku lina kampani inati tchire lichoke, padzalidwe makadamiya. Mukumva? Thalakitala pamutu pa mayi anga!

Amene anadzandiuza ndi Esinati, mwana wa malemu mlongo wanga. Ameneyu anaphunzira za mapu ku Blantyre, ndipo kampani inamulemba ntchito yoti aonetse mmene malowo adzaonekere asanayambe kulima. Anaulutsa kandege kopanda munthu kajambule malo onse, zithunzizo nkuzidyetsa pulogalamu ya m'kompyuta imene imaumba dziko, mapiri ake, mitengo, udzu, madzi ndi mithunzi yomwe. Anafika kwanga nkhope ili gwa, nkuti, "Amalume, abwana manijala akuti ngati kulidi manda tiwasonyeze pachithunzi pofika Lachisanu, adzawasiya. Tikalephera, Lolemba mathalakitala alowa. Agogo ali pachitunda chiti?" Ine ndinamuyankha kuti funso limenelo ndi lachibwana, mwinimbumba angasowe bwanji pamene pali mayi ake. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinavala jekete, ulendo wa ku ofesi.

Nditalowa mu ofesimo ndinawauza kuti atseke zenera, kukulowa mphepo. Esinati anati si zenera, ndi kompyuta. Abale inu, dziko lonse la kwathu linali pakhoma, tiyi wobiriwira kuposa weniweni, mabulugamu akugwedezeka, utsi wa fakitale ukukwera, damu likunyezimira, mpaka ine ndinayamba kudzifunafuna momwemo kuti mwina ndikudutsa pamsewu. Ndinayang'ana pazenera lenileni, ndinayang'ana pakhoma, ndinayang'ananso pazenera, mutu unangoti balala, osadziwa kuti dziko la Mulungu ndi liti, la Esinati ndi liti. Abwana manijala anakhala pampando wawo, kapu ya tiyi m'manja, nkuti, "Madala, lozani."

Apa ndiye panayambira nkhani. Ndani mwa inu analozapo manda ndi chala? Palibe, chifukwa nonse munaleredwa ndi anthu, mukudziwa kuti chala choloza kumanda chimapindika osawongokanso. Esinati anati awa si manda enieni amalume, ndi chithunzi chabe. Ine ndinati ngati ndi chithunzi chabe, bwanji thalakitala ikumvera chimenechi? Ndiye ndinaloza mwaulemu, ndi mlomo. Mwanayo anatsatira mlomo wanga ndi kambewa kake kaja amakakhwekhwereza patebulo, anadina, nkhalango ya manda nkumera nthawi yomweyo padenga pa fakitale, mizu ikulendewera m'mawindo. Ndinati ayi, osati apo, nkuloza ndi chibwano, manda nkugwera m'damu, madzi thovu lokhalokha. Ndinaloza ndi chigongono, manda nkukakhala pakapinga wa kunyumba kwa abwana manijala, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, abwanawo tiyi nkuwapalira pakhosi. Mayi anga sanayendepo chotero ali moyo!

Esinati atatopa anatulutsa chimagalasi chakuda, chonga cha owotcherera zitsulo, nkuti, "Amalume, valani ichi mulowemo nokha, mukaime pamalopo." Anandimanga kumutu. Kunja kunati bii, kenaka ngwee, ine ndili chiimire pakati pa munda wa tiyi, ofesi kulibe, abwana kulibe, Esinati kulibe, mawu ake okha akuchokera kumwamba ngati a mngelo. Pali Mulungu, ndinayang'ana pansi ndinapeza ndilibe miyendo. Ndikuyenda, koma miyendo kulibe! Ndinati palibe kanthu, kapitawo sabwerera panjira chifukwa cha miyendo.

Tsono mverani za dziko limenelo. Ndinayenda m'mizere ya tiyi kuyambira m'mawa, mame ali mbuu patsamba lililonse koma buluku osanyowa, matope ali tho koma osaterera, ndinathyola nsonga ziwiri ndi kamphukira monga mwa ntchito yathu, pomwepo nkumeranso zina ndisanabweze dzanja, ndinathyola, zinamera, ndinathyola, zinamera, mpaka ndinathyola munda wonse kasanu ndi kawiri ndili malo amodzi, chikhala kuti kuno kuli tiyi wotere bwenzi akapitawo tonse titapenga. Munthu ayi, galu ayi, ngakhale udzudzu umodzi woti undilume ndidziwe kuti ndili moyo. Ndinafika pa mtengo wa bulugamu wa nthambi yothyoka, ndinati ichi ndiye chizindikiro changa pobwerera, ndinayenda pang'ono nkupezanso mtengo womwewo, nthambi yomweyo, ndinathamanga nkuupezanso kutsogolo, ndinacheuka, nkhalango yonse ndi mtengo umodzi womwewo utangodzibereka kambirimbiri. Mukumva? Ine amene ndinkayenda m'chiperoni chotseka maso osaphonya njira, ndinasochera dzuwa likuswa mtengo.

Ndipo dzuwalo linali lopanda khalidwe. Ndinkati ndiliike kudzanja lamanja kuti ndidziwe kum'mawa, Esinati kunja kuno nkulikoka ndi kambewa kaja kuti ati ndione bwino, dzuwa nkuthamanga ngati nkhuku yothawa mphamba, mthunzi wa chitunda nkundizungulira katatu, m'mawa, madzulo, m'mawanso, tsiku limodzi kucha kanayi. Ndinakwiya. Ndinalumpha nkuligwira m'mphepete, silitentha nkomwe, lili ngati mbale ya malata, ndinalimangirira ku bulugamu ndi lamba wanga kuti likhale phee mpaka ndimalize ntchito. Nditangotero kunabwera chiperoni, chochita kuyitanidwa ndi batani, ndinachigwira pakona nkuchipinda ngati bulangete, nkuchikhalira kuti ndipume. Phiri la Mulanje nalo analiika pafupi kwambiri, likutchinga njira ya kudamu, ndinaika phewa nkulikankha kubwerera kwawo, ndipo mukaliyang'ana bwino masiku ano muona kuti linapendekeka pang'ono mbali ya kuno. Iwe wa chipewa chofiira, ukuseka chiyani? Unayamba waliyeza?

Ndinati ndidutse njira yachidule ya kumtsinje, imene tinkadutsa ndi maliro. Mtsinje ndinaupeza, madzi oyera oti nkuwerenga timiyala, koma ndinamwa, ndinamwa, ludzu lili pomwepo. Nditawoloka ndinangoyenda mapazi khumi, dziko nkutha. Kutha! Osati phompho ayi, kutha ngati mmene imathera mphasa, kutsogolo kopanda kumwamba, kopanda pansi, kotuwa kokhakokha, chifukwa kandege kaja kanalekezera pomwepo kujambula. Ndinaterereka nkugwa, koma ndinagwira muzu wa tiyi ndi dzanja limodzi, ndili lende, nkusuzumira kunsi kwa dziko, ndipo ndikukuuzani, kunsiko kulibe dothi, kulibe mwala, ndi chikopa chabe chopyapyala, mapiri onse aja ndi mabowo ngati zipewa. Mtima unandiwawa pamenepo. Ndinadzifunsa kuti dziko lopanda mkati chonchi, munthu angaikidwemo pati? Ndinakuwa kuti Esinati ndikokere, iye nkudina batani, ndinapezeka ndaima pansi pa zitunda zitatu zija.

Ndinakwera choyamba. Udzu wosalala, mitengo ya makadamiya itadzalidwa kale m'mizere, yaikuluikulu, yobereka, pamene kuno sinafike ndi ku nazale komwe. Ndinakwera chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatu, chimodzimodzi. Ndinafunafuna chulu chimene tinapumirapo ndi bokosi, kulibe. Ndinafunafuna chitsa cha mkuyu, kulibe. Ndinanunkhiza mphepo kuti mwina ndimve fungo la tiyi wowauka kufakitale, chifukwa ndimakumbuka kuti tsiku loika maliro linkatipeza kuchokera kumanzere, koma dziko limenelo lilibe fungo. Ndinabwerera pa choyamba, ndinapita pa chachitatu, zitunda nazo zinayamba kusinthana malo ndikacheuka, chapakati nkukhala kumapeto, chakumapeto nkubwera pakati, ine thukuta kamukamu, kumwamba mawu a Esinati akungoti, "Amalume, ndi pamenepo? Amalume, ndidine?" Ndinagwada ndi maondo amene ndinalibe, nkuitana mayi anga m'Chilomwe, mmene ndinkawaitanira ndili mwana.

Atandivula chimagalasi chija ndinapeza ndili pansi pa tebulo la abwana, nditakumbatira mwendo wake, lamba wanga atamangidwa ku fani. Ndinadzuka bwinobwino, nkudzisansa fumbi. Abwana anati, "Madala, mwawapeza?" Ndinati ndawapeza, ndipo ndalankhula nawo. Ndinawauza kuti mayi anga anali munthu wosakhazikika chikhalire, akuti pachitunda choyamba ndi pamene amagona, pachiwiri amalima kalongonda wawo, pachitatu amakacheza ndi anzawo a m'malaini amene anagona nawo kumeneko, ndipo akuti woyendetsa thalakitala amene akufuna kudziwa pamene iwo ali tsiku limenelo abwere adzayese. Abwana manijala anayamba kuseka, koma kuseka kwake kunathera panjira, pajatu nawonso ndi mwana wa munthu, kwawo kuli manda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana Esinati, Esinati nkuyang'ana pansi. Kenaka anati, "Siyani pamwamba pa zonse zitatu. Makadamiya azungulire m'munsi." Esinati anadina katatu, nkhalango zitatu nkumera pakhoma paja, ine chala changa chili m'thumba, chowongoka ngati pensulo.

Pitani mukaone ngati mukuti ndikunama. Makadamiya ali m'munsi, pamwamba pa chitunda chilichonse pali kachipewa ka tchire kotchingidwa ndi waya. Munthu mmodzi, manda atatu! Ndi mfumu iti kuno ku Thyolo inaikidwa chotero?

Koma poti mvula ikukata ndipo ena mwayamba kupukuta zishalo, ndikuuzeni chimene ndinamuuza Esinati tikutsika masitepe a ofesi. Iye anandigwira mkono nkufunsa motsitsa mawu kuti, "Amalume, zoona zake, agogo ali pati?" Ndinayesa kuyambanso za kalongonda zija, koma ndinazisiya panjira, nkumuuza zoona. Za chala chopindika ndi mwambo ndithu, sindinapeke ine, koma tsiku limenelo ndinabisalako kumbuyo kwake. Chichokereni m'malaini ndinali ndisanapondeko kumanda kuja ngakhale kamodzi, chaka chino ndipita, chaka chamawa ndipita, mpaka tchire linandiiwalitsa. M'kompyuta muja ndinaitana, sanandiyankhe. Sindikudziwa pamene pali mayi anga. Esinati sanandikalipire, anangoti Loweruka tigule makasu awiri.

Ndiye Loweruka loyamba la mwezi uliwonse timakwera zitunda zonse zitatu, ine ndi nyamakazi yangayi, kulambula, kusesa, ine nkugwada kupepesa. Ndimapepesa katatu, mawu omwewo. Pawiri ndimalankhula ndi udzu, ndikudziwa. Koma pamodzi amandimva ndithu, ndipo amene akutsutsa zimenezo aimirire.